Njinga, Tiyi ndi Keke m'Midzi ya ku Britain

Lamulungu m'mawa, mabelu a matchalitchi asanayambe kulira ndipo nkhungu idakali yokuta madambo, m'mizinda yambiri ya ku England, Wales ndi Scotland mumaoneka timagulu ta anthu, amuna ndi akazi, anyamata ndi nkhalamba za imvi, ataima ndi njinga zawo pamalo amene anapangana, kaya pamlatho, kaya patsinde pa nsanja ya wotchi ya pamsika. Ndipo munthu amene angatchere khutu kuti amve zimene akukambirana adzazizwa, pakuti funso loyamba silikhala la kutalika kwa ulendo kapena la zitunda zimene akwere, koma lakuti tiyi akamwera kuti, nanga keke ya kumeneko njotani.

Kwa ife amene tinakula tikuona njinga ikusenza matumba a makala, mitolo ya nzimbe, mbuzi yomangidwa miyendo, ngakhalenso mayi wodwala wopita naye kuchipatala, nkhani imeneyi ikhoza kumveka ngati masewera a anthu okhuta. Pakuti munthu wanzeru zake angapalase bwanji makilomita 80, kaliyala ali mbee, popanda maliro kapena msika umene akuthamangira, kungoti akadye chidutswa cha keke m'mudzi wa eni ndi kubwerera kumene anachokera? Koma ine ndiyesa kuti mwambo umenewu ngwofunika kuulingalira mofatsa, popeza uli ndi mbiri ya zaka zoposa 140, ndipo kuima kuja pa nyumba ya tiyi, kumene mlendo angakuyese chinthu chongowonjezera, ndiko kumene kwagwiriziza mwambo wonsewo kuti usagwe. Pamsewu pamakhala wotsogola ndi wotsalira, wa njinga yodula ndi wa njinga yakutha. Koma onsewa amakathera pa gome limodzi, namwera m'tiyipoti mmodzi.

Chiyambi chake chili m'masiku a njinga zakale zija za gudumu lalikulu kutsogolo ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo, zimene chishalo chake chinali kufika m'mapewa a munthu, kotero kuti wokwerapo akagunda mwala ankagwa chamutu. Pa 5 August 1878, mumzinda wa Harrogate ku Yorkshire, anyamata okonda njingazo, motsogozedwa ndi Stanley Cotterell amene anali kuphunzira udokotala, anakhazikitsa bungwe la Bicycle Touring Club, limene mu 1883 linasintha dzina kukhala Cyclists' Touring Club, ndipo lilipobe kufikira lero, likudziwika kuti Cycling UK. Posakhalitsa njinga yokhayo inasandulika: mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, ya magudumu pafupifupi ofanana msinkhu ndi tcheni chokoka gudumu lakumbuyo, ndiyo kholo la njinga zonse zimene tikupalasa lero, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, pofuna kuti mwana wake asamavutike ndi mabampu, anapanga tayala lopopa mpweya. M'chaka chomwecho lamulo la dziko linavomereza kuti njinga ili ndi ufulu pamsewu monga ngolo ina iliyonse. Zitatero, amene kale ankaopa kugwa analimba mtima, akazi ndi achikulire omwe, ndipo pofika 1899 mamembala a bungwe lija anaposa 60,000.

Tsono munthu akachoka kwawo mtunda wa theka la tsiku, adya kuti? Misewu ikuluikulu imene kale munkadutsa ngolo za akavalo inali itazizira chifukwa sitima zapamtunda zinalanda apaulendo onse, ndipo nyumba za alendo za m'mbali mwake zinali pafupi kutsekedwa; komabe si eni ake onse amene ankakondwera kulandira mnyamata wofika ali fumbi lokhalokha, thukuta lili kamukamu. Chifukwa chake bungwe lija linayamba kupangana ndi eni nyumbazo za mtengo wa chakudya ndi wa malo ogona, nililemba maina awo m'kabuku kamene membala aliyense ankayenda nako m'thumba. Ndipo pakhoma pa nyumba yovomerezeka ankakhomapo chizindikiro chachitsulo, cha gudumu la njinga lokhala ndi mapiko atatu, kuti wapaulendo wotopa akachiona adziwe kuti pano sadzam'bweza pakhomo. Zina mwa zitsulo zimenezi zikadali pamakoma a nyumba zakale za m'midzi, zitachita dzimbiri, ndipo pali anthu amene amapalasa mtunda wautali kungofuna kukaziona.

Mudzi umene unatchuka koposa m'masiku amenewo ndi Ripley, m'chigawo cha Surrey, pa msewu wochokera ku London kupita ku Portsmouth. Pamenepo panali nyumba ya alendo ya Anchor, imene ankayendetsa mayi Dibble pamodzi ndi ana awo aakazi awiri, Annie ndi Harriet. Ndipo iwowa ankalandira apanjinga ndi mtima wotere, nawapatsa tiyi ndi chakudya mosanyinyirika, kotero kuti mabuku amene alendo ankalembamo maina awo ankadzaza ndi maina zikwizikwi chaka ndi chaka. Pamene Annie anamwalira mu 1895, ndi Harriet chaka chotsatira, apanjinga anasonkherana ndalama naika zenera la magalasi amitundumitundu m'tchalitchi cha m'mudzimo kuti likhale chikumbutso chawo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ndipo ine sindidziwa ulemu woposa umenewu umene wophika tiyi angalandire kwa omwa.

Koma chitseko sichinatsegukire onse tsiku limodzi. Mu October 1898, mayi wina wolemekezeka, Lady Harberton, amene anali kulimbikitsa kuti akazi azivala zovala zowalola kuyenda momasuka, anafika panjinga pa hotela ya Hautboy ku Ockham, kufupi ndi Ripley komweko, atavala buluku lomanga m'mawondo m'malo mwa siketi yofika kumapazi imene inkakodwa m'tcheni. Mwini hotelayo, amenenso anali mayi, anam'kaniza kulowa m'chipinda chodyeramo alendo, nam'lozera chipinda cha mowa mmene amuna anali kusuta fodya. Bungwe la apanjinga linatengera nkhaniyi kukhothi mu 1899, koma mlandu unakomera mwini hotela, poti iye sanakane kupereka chakudya, anangosankha chipinda. Kugonja kumeneku sikunapite pachabe, pakuti nkhaniyo inalembedwa m'manyuzipepala a dziko lonse, ndipo anthu anayamba kufunsana ngati kuli koyenera kuti munthu amanidwe mpando chifukwa cha chovala. Mkazi aliyense amene lero amalowa m'tiyirumu ya m'mudzi atavala kabudula wake wa panjinga, popanda womuyang'ana kawiri, akudya za m'munda umene analima mayi ameneyu ndi anzake.

Anthu osauka nawo anafika pagomepo mwa njira yawoyawo. Ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ndi a zitsulo a ku Lancashire, Yorkshire ndi Birmingham, amene ankakhala sabata lathunthu m'utsi ndi m'phokoso la makina mpaka Loweruka masana, analibe tsiku lina loonera thambo ndi msipu koma Lamulungu lokha; ndipo pamene mitengo ya njinga inayamba kutsika, ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zitachuluka, iwo anatuluka m'mizinda ali piringupiringu. Mu 1894, ku Birmingham, Tom Groom ndi anzake owerenga nyuzipepala ya The Clarion, imene Robert Blatchford anayambitsa poteteza anthu apantchito, anakhazikitsa kalabu ya njinga ya dzina lomwelo, ndipo makalabu a Clarion anafalikira dziko lonse, namanga nyumba zawozawo zopumuliramo kumidzi. Imodzi yatsala: Clarion House, pafupi ndi phiri la Pendle ku Lancashire, imene anamanga mu 1912 anthu a chipani cha apantchito a mumzinda wa Nelson. Amaitsegula Lamulungu lililonse anthu ongodzipereka, osalandira malipiro. Tiyi amam'thira m'makapu aakulu opitirira theka la lita, ndipo mlendo amaloledwa kumasula kamba wake ndi kudyera pomwepo.

Wina angafunse kuti, bwanji keke, osati chakudya china? Yankho lake loyamba lili m'thupi. Thupi la munthu limasunga shuga wa mtundu wina, amene madokotala amati glycogen, m'minofu ndi m'chiwindi, wokwana ngati theka la kilogalamu. Ndipo munthu akapalasa mwamphamvu kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri osaponya kanthu m'kamwa, nkhokwe imeneyi imayamba kuoneka pansi. Pamenepo miyendo imalobodoka mwadzidzidzi, m'maso mumada, thukuta lozizira limatuluka, kachitunda kamene dzana anakakwera akuimba mluzu kamam'kanika, ndipo ngakhale munthu wofatsa amayamba kuyankha anzake mwaukali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wapanjinga amene zimenezi zinam'gwerapo kamodzi sachedwa kufunsa za malo opumulira. Akatswiri a zamasewera amalangiza kuti pa ulendo wautali munthu azidya magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndipo keke, imene ndi ufa, shuga, mazira ndi batala, imafika m'magazi msanga osalemetsa m'mimba monga ichitira nyama. Masiku ano m'masitolo muli timapaketi ta uchi wopangidwa m'fakitale toti munthu azifinyira m'kamwa ali pachishalo, ndipo pa mpikisano n'tothandiza ndithu. Koma palibe anakhalapo pansi kucheza ndi mnzake pa kapaketi kotere.

Ngakhale pa mpikisano pomwepo, nkhani imene apanjinga a ku Britain amakonda kusimbirana koposa njokhudza kugawana chakudya. Mu 1967 Beryl Burton, mayi wa ku Yorkshire amene ankagwira ntchito yakalavulagaga m'munda, anapalasa mamailosi 277.25 m'maola 12, kuposa amuna onse a tsikulo. Ndipo pamene anali kupitirira Mike McNamara, amenenso pa tsiku lomwelo anali kuswa mbiri ya amuna, anapisa m'thumba nam'patsa switi, iye nalandira nadya.

Chigawo chilichonse chili ndi keke imene chimanyadira, ndipo wapanjinga amadziwa kumene wafika mwa zimene zili pansi pa chivundikiro chagalasi cha pakauntala. Mfumu ya zonse ndi Victoria sponge, yotchedwa dzina la Mfumukazi Victoria, ya zigawo ziwiri zofewa ndi jamu pakati, imene muyeso wake ngwosavuta kukumbukira popeza mazira, ufa, shuga ndi batala zonse zilemera chimodzimodzi. Kufufuma kwake kunatheka Alfred Bird wa ku Birmingham atapanga ufa wotupitsa mu 1843, chifukwa mkazi wake ankadwala akadya buledi wa isiti. Ku Yorkshire kuli parkin, yakuda, ya oats, jinja ndi manyuchi a nzimbe, imene saidya tsiku lomwe yaphikidwa koma amaisunga masiku angapo kuti inate. Ku Wales kuli bara brith, imene zipatso zake zouma amazinyika m'tiyi usiku wonse asanakande ufa, ndipo amaidya yopakidwa batala. Kuli ina yothiridwa madzi a mandimu ndi shuga ikadali yotentha, ndi flapjack, yolimba, imene theka lake amalikulunga m'pepala nalisunga m'thumba lakumsana kuti likathandize pobwerera. Ndipo kumwera chakumadzulo kuli masikono odyera jamu ndi kirimu wokhuthala, amene anautsa mkangano wosatha pakati pa zigawo ziwiri zoyandikana: a ku Devon amayamba kupaka kirimu, jamu pamwamba, pamene a ku Cornwall amayamba jamu, ndipo mlendo wochenjera amayamba wayang'ana mbale za eni dera.

Koma chifukwa chachiwiri choimira pa keke ndi tiyi, chimene ine ndiyesa chachikulu, chimaoneka bwino munthu akatsata gululo kuyambira pamsewu. Amayenda awiriawiri, akutsogolo akung'amba mphepo kuti akumbuyo apume, nasinthana pakapita nthawi, pakuti wobisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Wakutsogolo akaona dzenje amaloza ndi chala, ndipo chalacho chimayenda mzere wonse mpaka kwa wotsiriza. Pachitunda aliyense amakwera monga mwa mphamvu zake, koma ofika pamwamba msanga amatsitsa phazi nadikira; tayala la mmodzi likaphwa onse amapatuka, wina atulutsa chubu, wina pampu, wina agwira njinga. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Zonsezi zimatheka chifukwa onse akudziwa kuti kuli malo amodzi kumene ayenera kukafika pamodzi, ndipo mnyamata waliwiro sapindula kanthu kuthawa anzake, popeza akafika yekha adzangokhala pakhomo kuwadikira.

Taonani tsono pamene afika. Njinga amazitsamiritsa pakhoma lamiyala, ina pa inzake, pamene zioneka pazenera. Amalowa akuyendera zidendene, nsapato zikulira khokhokho pansi chifukwa cha tizitsulo tokolera ku mapedulo. Zipewa zolimba ziunjikidwa pakona, magolovesi onyowa ayanikidwa pa chotenthetsera nyumba, ndipo posachedwa mazenera onse achita nthunzi. Mwini nyumba sadzidzimuka, pakuti mtsogoleri wa ulendo anam'imbira foni dzulo lake kumuuza kuti abwera angati. Magome awiri akankhidwa kuti akhale limodzi. Apo pakhala dokotala, pambali pake wokonza mipope, uko mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo palibe afunsa mnzake za ntchito. Nkhani nja mphepo ya pa chitunda chija, ya tcheni chimene chikulira, ya mnzawo amene wagonekedwa m'chipatala ndipo ayenera kukazondedwa. Nkhalamba imene inayamba kupalasa misewu yomweyi theka la gululo lisanabadwe ikankhira mbale yake kwa mtsikana amene lero ndi ulendo wake woyamba, amene manja akunjenjemera pogwira kapu, nimuuza kuti adye, pakuti kobwerera nkotali. Kwa okalamba ena okhala okha, amene akazi awo kapena amuna awo anatsogola, ola limeneli ndilo lokhalo m'sabata limene amadya ndi anthu.

Mwambowu unatsala pang'ono kuzima. Mu 1949 anthu a ku Britain anapalasa njinga makilomita pafupifupi mabiliyoni 24. Koma magalimoto atachuluka m'makomo, pofika 1973 chiwerengerocho chinatsika osakwananso mabiliyoni 4, ndipo nyumba zambiri za tiyi zinatsekedwa, kungotsala zowerengeka, monga Eureka ya ku Wirral, yotsegulidwa mu 1929, imene inalera mibadwo ya apanjinga a ku Liverpool ndi madera ozungulira. Chodabwitsa n'chakuti chithandizo chinachokera ku njanji, zomwe zija zinapha misewu ya ngolo poyamba. Lipoti la Dr Beeching la 1963 litachititsa kuti njanji zambiri za kumidzi zitsekedwe, njira zake zinatsala zopanda ntchito, zosalala, zopanda zitunda zowawa. Ndipo kuyambira 1979 anthu odzipereka a ku Bristol, amene bungwe lawo linadzatchedwa Sustrans, anasandutsa njanji ya pakati pa Bristol ndi Bath kukhala njira ya njinga ndi ya apansi. Zotere zinachitikanso m'madera ena, ndipo masiteshoni akale anasanduka matiyirumu, monga ya Warmley pa njira yomweyo ndi ya Hassop pafupi ndi Bakewell. Kumeneko kumafika mabanja ndi ana aang'ono amene sangayerekeze kuyenda pakati pa magalimoto. Pambuyo pake Bradley Wiggins anapambana Tour de France mu 2012, woyamba wa ku Britain kutero, ndipo mu 2014 mpikisanowo unayambira ku Leeds, tsiku loyamba nkukathera ku Harrogate, kumene zonse zinayambira. Ndipo anthu ambirimbiri anatsitsa njinga zimene zinali zitapachikidwa zaka.

M'tiyipoti uja muli kanthu kathu. Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu yamalonda ku Mulanje cha m'ma 1891, m'zaka zomwezo zimene apanjinga anali kudzaza msewu wa ku Ripley, ndipo kufikira lero Britain ndi mmodzi wa ogula akuluakulu a tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo, amene amam'sakaniza ndi wa maiko ena chifukwa cha kufiira kwake kowala. Ndikanakonda kuti wakumwa uja, pamene akuotha manja pakapu, azikumbukira mayi amene anathyola masambawo ali ndi dengu kumsana, ndi kufunsa ngati malipiro ake amam'kwanira kugula njinga yakeyake.

Sikuti onse a m'midzimo amakondwa nawo alendowa. Misewu ya kumeneko njopapatiza, yotchingidwa ndi mipanda ya zitsamba mbali zonse, ndipo mlimi wofulumira ndi thirakitala yake, kapena wagalimoto wotsekerezedwa kumbuyo kwa njinga makumi awiri, sachedwa kupsa mtima. Ku Box Hill ku Surrey, kumene kunadutsa mpikisano wa Olympics wa 2012, eni mudzi akhala akudandaula za unyinji wa apanjinga a Loweruka ndi Lamulungu. Malamulo apamsewu amene anakonzedwanso mu January 2022 amanena kuti wagalimoto asiye mpata wa mita imodzi ndi theka popitirira njinga, ndi kuti kuyenda awiriawiri n'kololedwa, koma amapemphanso apanjinga kuti azipereka mpata kwa amene ali kumbuyo. Madandaulo ena ngoona, ndipo apanjinga amene amalowa m'tiyirumu ndi matope kumsana nakhala pa mipando yansalu, kapena kudzaza gome anthu asanu pa tiyipoti mmodzi, amanyazitsa anzawo onse. N'chifukwa chake makalabu akale amaumirira kuti m'nyengo yozizira njinga iliyonse ikhale ndi madigadi aatali, ndi kuti aliyense wolowa agule kanthu.

Ndipo ndi m'nyengo yozizira momwemo mmene ubale wa wapanjinga ndi wophika keke umayesedwa. Kuyambira November mpaka February alendo oyenda pagalimoto amasowa, pakati pa nyengoyi dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo tiyirumu ya m'mudzi wa nyumba makumi atatu ikanatseka chitseko pakanapanda magulu aja amene amabwera ndithu, kugwe mvula kuwombe mphepo, popeza walira mvula walira matope. Makalabu ena amasinthasintha dala malo opumulira sabata ndi sabata kuti ndalama zawo zifike kwa onse. Ndipo tiyirumu ina ikatsekedwa, njira yonse yopita kumeneko imachoka pa ndandanda wa maulendo a kalabu, mpaka wina adzatsegule khomo lina m'chigwa chomwecho.